Ana Obwereka

Khonde la sitolo yakale ija timagawana anthu awiri, ine ndi atelala. Iwo amakhala kumanja ndi makina awo opalasa ndi mwendo, ine kumanzere ndi chitsulo changa chokhomerapo nsapato. Takhala choncho zaka zambirimbiri, moti anthu amatiseka kuti tikadzafa adzatiika moyandikana kuti tizikapitiriza kukangana. Kutsidya kwa msewu, moyang'anana ndi khondelo, kuli sukulu ya sekondale. Kaya ndiziti kunali, poti lero kwatsala zipupa ndi mbuzi.

Atelala ndiwo anali wapampando wa komiti ya makolo pasukulupo, ndipo udindowo unkawakhala. Ndi munthu wamtali, wa mawu okhuthala, ndipo tepi yoyezera sichoka m'khosi mwawo ngakhale akupita ku msonkhano. Akaimirira n'kunena kuti "sukulu yathu", ngakhale iwe amene unathawa sukulu uli wamng'ono unkamva ngati uli ndi desiki yako mmenemo. Yunifolomu ya mwana aliyense amene anadutsa pasukulupo, malaya obiriwira kwa anyamata ndi diresi lobiriwira la kolala yoyera kwa atsikana, inatuluka pansi pa singano yawo. Pa nkhani ya msoko ndiye musawayambe dala. Mukawanena za mphuno yawo amaseka nanu, koma mukati msoko wawo wakhota, mwezi utha osakupatsani moni.

Vuto linali lakuti ana ankachepa chaka ndi chaka. Msewu utaikidwa phula, maminibasi anayamba kufika, ndipo aliyense amene anali ndi kangachepe anayamba kutumiza mwana wake ku sukulu zogonera konko za m'tauni. Palibe amene ankanena poyera. Ukafunsa wa golosale kuti mnyamata uja sakuoneka bwanji, ankati wapita kukathandiza abale. Wa chigayo ankati wake ali ndi chifuwa, adokotala ati asinthe mpweya. Zaka zimenezo ana ambiri a anthu opeza bwino anadwala matenda ofuna mpweya wa m'tauni. Nayenso mwana wa atelala, amene tinkamutcha Kadona chifukwa cha kayendedwe kake, anavutika maso n'kupita kukakhala kwa azakhali ake pafupi ndi chipatala. Masowo ankachira pa tchuthi pokha.

Ine pakamwa panga sipasunga kanthu. Ndinkawafunsa kuti, "Atcheya, maso a mwana ali bwanji?" Iwo ankangopalasa makina mwamphamvu ngati sanamve. Tsiku lina anandiyankha osandiyang'ana.

"Inu mukanakhala ndi mwana wa msinkhu umenewu mukanatani? Mphunzitsi wa sayansi anachoka. Wa masamu amabwera tsiku limene wakonda."

"Ine sindinanene kanthu, achimwene," ndinatero. "Koma mapanga awiri avumbwitsa."

Otsala pasukulupo anali ana a anthu opanda kolowera. Mmodzi mwa iwo anali mwana wa mlongo wawo wa atelala, mayi wamasiye wogulitsa masamba mumsika. Mtsikanayo tinkamutcha Kanyerere, chifukwa anali wochepa thupi ndipo sankayenda chimanjamanja: akapanda kunyamula mabuku, ndiye wasenza dengu la amayi ake. Anali Fomu 3. Chinamutsalira chaka chimodzi kuti alembe mayeso otsiriza, ndipo aphunzitsi ankati mutu umenewu ndi umene udzatchukitse sukuluyi. Sukulu ina ya boma inali kutali, kokwerera maminibasi awiri, ndipo masamba a mumsika sakweza munthu minibasi tsiku ndi tsiku. Kwa Kanyerere, sukulu inali yomweyi basi, ina kunalibe.

Ndiye ahedi anabwera nayo nkhani kuchokera ku ofesi ya maphunziro. Sukulu zokhala ndi ana ochepa zitsekedwa, ana ake akalowe kwina. Oyendera sukulu abwera Lachisanu la sabata yotsatira kudzaona okha ndi maso.

Masana omwewo Kanyerere anawoloka msewu n'kudzaima pafupi ndi makina, mabuku atawakumbatira pachifuwa.

"Amalume, akuti sukulu aitseka. N'zoona?"

"Ine ndili moyo?" anatero atelala. "Iwe zako ndi mabuku. Za sukulu tisiyire ife akuluakulu. Mayeso ako ukalembera m'chipinda chomwechija, ndakuuza ine."

Mtsikanayo anamwetulira n'kumapita. Ankawakhulupirira amalume ake monga mmene tonse tinkawakhulupirira.

Komiti inakumana pakhonde pathu pomwepo, poti ahedi anati nkhani zina si zokambira mu ofesi. Ine si wa komiti, koma sakanandithamangitsa pamalo panga, ndiye ndinamva zonse ndikupaka guluu.

"Mayi amene akubwerawo ndawafufuza," anayamba atelala. "Akuti za m'mabuku sakhulupirira. Amafuna kuona mitu. Ndiye ife tiwapatse mitu."

"Tiitenga kuti mituyo?" anafunsa wa chigayo.

"Musandifunse ngati simukudziwa. Sabata ya mawa sukulu za m'tauni zili pa tchuthi cha pakati pa teremu. Ana athu onse odwala aja akhala ali kuno. Tiwabwereke tsiku limodzi, adzaime pamzere, adzakhale pa desiki. Alendo akapita, abwerere ku matenda awo."

Aka kanali koyamba kuti munthu atchule poyera chimene tonse tinkachidziwa. Aliyense anayang'ana nsapato zake, ngati kuti akufuna kundipatsa ntchito. Ahedi anatsokomola, n'kunena kuti khutu lawo lakumanzere silimva bwino masiku ano, n'kunyamuka kumapita. Sanavomere, sanakanenso.

"Nanga yunifolomu?" anafunsa wa golosale.

"Imeneyo ndi mbali yanga," anatero atelala. M'kabati mwawo munali mipukutu ya nsalu yobiriwira imene inangokhala zaka, poti oyamba Fomu 1 anali atachepa. Anati aipereka yonse chifukwa cha sukulu.

Ndisaname, tonse tinaiona ngati nzeru ya chaka. Tinaomba m'manja, wina mpaka anati munthu uyu akanaphunzira akanakhala nduna.

Sabata imeneyo makina sanapume. Ana odwala aja anayamba kufika mmodzimmodzi kudzayezedwa, onenepa bwino, akununkhira sopo wa m'tauni. Ankaima mokwinya nkhope, manja atatambasula, akuyang'ana kutsidya kwa msewu ngati akuona khola. Kadona anagwira nsaluyo ndi zala ziwiri.

"Adadi, ndivale zimenezi ine?"

"Uvala, ndipo umwetulira," anatero bambo ake.

Akazi awo anawalangiza kuti angolumikiza mwachisawawa, poti n'zachiphamaso. Atelala anawayang'ana ngati awatukwana. Anasoka chovala chilichonse ngati cha ukwati: kolala yowongoka, mabatani ofanana, mpendero wosaoneka ulusi. Akamaliza ankasita ndi simbi ya makala mpaka mzere wa pamkono uzioneka uli patali, kenako ankakulunga m'nyuzipepala n'kupereka kwa kholo kuti likabise kunyumba. Ankati anthu asaone msanga, nkhani ingafike kolakwika. N'chifukwa chake palibe amene anaona chovala chatsopano chitaima pafupi ndi chakale mpaka tsikulo litakwana.

Lachinayi dzuwa litapendeka, Kanyerere anabweranso. Anadikira kuti kholo lomaliza lichoke, n'kuyandikira.

"Amalume, kansalu katsalako? Diresi langa lang'ambika apa."

Linali diresi lomwe anamusokera akuyamba Fomu 1. Mpendero anali atautsitsa kale kawiri, ndipo m'mbali munali mutaperepeseka. Atelala anafufuza pansi pa tebulo, koma nsalu yonse inali itathera pa ana obwereka. Anatola kachidutswa, n'kuika chigamba cham'kati mofulumira, mtsikanayo ataima pomwepo atafunda nsalu ya amayi ake.

"Ukachape bwino, usite," anatero pomupatsa. "Ndipo mawa ukaime kumbuyo, chigambachi chisaoneke."

"Chabwino, amalume."

Lachisanu kunacha bwino, kopanda mtambo. Ndinasiya ntchito n'kuwoloka msewu. Pakhonde la ofesi ya ahedi anali atayala mabenchi, a komiti ndi makolo a ana obwereka atakhalapo ndi majekete awo. Makolo a ana enieni sanaitanidwe. Akuti mabenchi anali ochepa, komanso anthu amenewo sangasiye misika ndi maganyu awo m'mawa. Pa tebulo panali tiyi ndi buledi wa alendo, ataphimba ndi nsalu yoyera.

Belu linalira, ana anafola pabwalo, ndipo pomwepo ndinaona cholakwika.

Nsalu imasuluka. Mwana aliyense amadziwa zimenezi, ndipo telala amayenera kudziwa kuposa aliyense. Yunifolomu za ana athu enieni zinali zitadya dzuwa ndi sopo kwa zaka, mpaka kubiriwira konse kunathamo, zinangotsala zotuwa ngati phulusa. Za ana obwereka zinali zobiriwira ngati msipu wa mvula yoyamba. Ndiye poti ana a m'tauni sazolowera kuima kumbuyo kwa munthu, onse anadzaza mizere yakutsogolo, otuwa aja n'kukankhidwira kumapeto. Ngakhale wa diso limodzi akanaona kuti pabwalopo paima sukulu ziwiri.

Ndinawayang'ana atelala kuti mwina nawonso aona. Ankamwetulira, chifuwa chili patsogolo. Iwo sankaona mtundu wa nsalu. Ankaona makolala awo atakhala bwino m'makosi mwa ana.

Galimoto inafika. Munatsika mayi wamfupi, wa imvi zapatalipatali, ndi abambo awiri onyamula zikwama. Ine munthu ndimayamba kumuonera kumapazi. Mayiwo anavala nsapato zafulati zodyeka chidendene mbali imodzi, nsapato za munthu amene wayenda m'sukulu zambiri ndipo wanamizidwapo kokwanira. Anapereka moni kwa ahedi, anamvetsera ana akuimba, kenako anatsika pakhonde n'kuyamba kuyenda pakati pa mizere pang'onopang'ono, manja ali kumbuyo.

Anaima pa Kadona. Anagwira kolala yake, n'kuitembenuza, n'kuyang'anitsitsa msoko.

"Ntchito yabwino iyi," anatero mokweza kuti tonse timve. "Masiku ano atelala otere akusowa. Anasoka ndani?"

Ahedi anayamba kutsokomola. Wa chigayo anakoka jekete la atelala chakumbuyo. Koma munthu amene wadikira moyo wake wonse kuti wina wochokera ku ofesi ayamikire msoko wake simungamugwire ndi jekete. Anali ataimirira kale.

"Ndine, mayi."

"Zonsezi nokha, bambo?"

"Ndekha, mayi. Popanda wondithandiza. Sabata yomwe ino, kuyambira Lolemba mpaka dzu..."

Anadzimva okha mawuwo ali pakati. Pakamwa panatsala pali yasa, tepi ikulendewera m'khosi. Penapake kumbuyo mwana wina anaseka, mnzake n'kumugunda ndi chigongono.

Mayiwo sanakalipe. Bola akanakalipa. Anangobwerera kutsogolo n'kunena mofatsa kuti, "Ana onse amene mwavala zatsopano, khalani pansi."

Mizere yakutsogolo inatsika. Ena ananjuta poopa fumbi. Kumbuyo kunatsala ana otuwa aja ataimirira, apa mmodzi, apo awiri, ngati mapesi otsala m'munda anthu atakolola. Kumapeto kwenikweni kunali Kanyerere, dzanja lake litaphimba pamene panali chigamba.

Mayiwo anatembenukira ku mabenchi.

"Makolo a ana aimirirawa, takwezani manja ndikuoneni."

Palibe dzanja limene linakwera. La atelala linanyamuka pang'ono, poti amalume nawonso ndi kholo, koma linathera pa bondo. Ine ndakhalapo pa milandu ya akuba, ndaonapo munthu akugwidwa ndi nkhuku ya eni m'thumba, koma manyazi ngati amenewo sindinawaonepo. Amuna akuluakulu, a majekete, ankafuna nthaka itang'ambika kuti alowemo. Inenso, amene ndinalibe mwana kumbali iliyonse, nkhope inandiyaka moto. Ana otuwa aja ankatiyang'ana, ndipo sankaoneka odabwa. Ankadziwa kalekale kuti ndani anadwala maso ndipo ndani anadwala chifuwa.

Mayiwo anakwera pakhonde n'kuima pafupi ndi atelala. Analankhula motsitsa mawu, koma pamalopo panali chete moti tonse tinamva.

"Ndikuuzeni zoona, bambo wapampando. Sukulu zazing'ono si zonse zimene tikutseka. Mukanandionetsa ana aimirirawa okha, ndi amayi awo, n'kundiuza kuti alibe kwina kopita, ndikanakhala ndi pogwira pokawalankhulira. Ndachitapo zimenezo kwina ndipo zinatheka. Koma mwandionetsa nokha kuti aliyense wakhala pa benchi apa anachotsa mwana wake. Mwandinamizanso pamaso pa anzangawa. Ndiye ndikanene kuti sukuluyi akuifuna ndani?"

Alendo analowa m'makalasi mwachidule, anakana tiyi mwaulemu, n'kukwera galimoto. Fumbi lisanathe n'komwe, anyamata obwereka anali atayamba kuvula malaya pabwalo pomwepo, akuseka. Kadona anathamangira kunyumba akulira. Belu linaliranso, ndipo ana otuwa aja analowa m'makalasi mwawo monga mwa masiku onse, poti inali nthawi ya phunziro lachiwiri.

Sukulu inatsekedwa teremu itatha. Kunabwera lole kudzatenga madesiki, mabuku ndi belu. Aphunzitsi anawatumiza kwina, ndipo nyumba zimene ankachita lendi zinatsala zotseka. Amayi ogulitsa zakudya pa geti anasamutsa matebulo awo. Mumsika anthu anayamba kusokoneza nthawi, chifukwa tonse tinkadziwa kuti masana akwana tikamva belu. Ine ntchito yanga yaikulu inali nsapato za ana a sukulu, zakuda zija zotha kutsogolo chifukwa chomenya miyala. Tsopano ndimakhalira kulumikiza masilipasi.

Ana ochepa anapita ku sukulu yakutali ija. Ambiri anangokhala. Anyamata a Fomu 2 anayamba kuitanira maminibasi pa siteji, mawu atasasa ngati a madoda. Atsikana ena anakwatiwa mvula isanagwe. Akuluakulu amati nkhuyu zodya mwana zinapota wamkulu, koma kwathu kuno zinatembenuka: tinadya ndife, zinapota ana. Kenako mafelemu a mawindo anayamba kusowa, malata nawonso, ndipo tonse timadziwa makola a nkhuku amene anafoleredwa nawo. Koma ndani akanaloza mnzake chala?

Chimene chinandidabwitsa n'chakuti palibe amene anadandaula za boma. Ife anthu ake, mpope ukangouma tsiku limodzi timatukwana ofesi mwezi wonse. Koma pa nkhani ya sukulu pakamwa panali pomanga. Anthu akakumana pa chigayo ankakamba za mvula, za mpira, za mitengo ya zinthu, ndipo akamadutsa pa geti la sukulu ankayang'ana mbali inayo. Wa chigayo yekha ndiye anayesa kudziyeretsa. Anabwera ndi nsapato yake pakhonde, atelala atachokapo, n'kuyamba kunena kuti nzeru yonse ija inali ya munthu mmodzi, iwo anangotsatira. Ndinamuponyera nsapato yakeyo osaisoka, n'kumuuza kuti akaisokere ku tauni kumene kuli mpweya wabwino.

Yunifolomu zatsopano zija zinabwerera zokha. Makolo ankazisiya pa tebulo la atelala osanena kanthu, ena ankatuma ana. Zinaunjikana pansi pa tebulo, iwo n'kuziphimba ndi chiguduli. Makina anawatembenuza kuti aziyang'ana kukhoma. Ankati dzuwa likuwathobwa m'maso, koma dzuwa pakhonde pathu silifika mpaka madzulo. Dzina loti atcheya linafa lokha, ndipo ine amene ndinkawaseka nalo tsiku ndi tsiku ndinalisiya.

Chimene chinkawadya kwambiri chinali mlongo wawo. Mayiyo sanabwere kudzakalipa, sanatumenso mawu. Akamadutsa ndi dengu lake m'mawa ankaima patali pang'ono n'kunena kuti, "Mwadzuka bwanji, achimwene?" Iwo ankayankha akuyang'ana singano. Mayiyo akapita, atelala ankakhala nthawi yaitali mwendo uli pa chopalasira, makina osayenda.

Komabe munthuyo anayesa. Tsiku lina anavala jekete n'kukwera maminibasi awiri aja. Anabwera madzulo nkhope itawalako pang'ono. Ahedi a kumeneko anati malo a Fomu 4 alipo, mwanayo abwere msanga teremu ikangoyamba. Msuweni wa akazi awo, amene amakhala pafupi ndi sukuluyo, anavomera kumusunga. Chinatsala n'chimodzi: kupita kwa mlongo wawo kukakhala pansi n'kukambirana.

"Ndiye mupita liti?" ndinawafunsa.

"Mawa."

Mawa linafika, anati ali ndi thalauza la munthu lofunika msanga. Tsiku linalo anati mlongo wawo amakhala wotopa akaweruka kumsika. Kawiri konse ndinawaona akunyamuka, kufika pokhotera kumsika, n'kubwerera ngati aiwala kanthu. Ankaopa kulowa m'nyumba ija n'kukhala moyang'anana ndi mwana amene anamuuza kuti akaime kumbuyo.

"Achimwene, manyazi anapha lambe," ndinawauza. "Ngati miyendo ikukulemerani, ndipite ndine."

"Ndi za pabanja izi," anatero. "Ndipita ndekha."

Ndinawasiya, poti za pabanja n'za pabanja. Teremu inayamba. Kadona anabwerera ku tauni ndi sutikesi yake. Masabata anadutsa.

Kanyerere anabwera Loweruka lina m'mawa. Anali atavala bulauzi ya amayi ake, ndipo m'dengu munali kanthu kokulunga. Anandipatsa moni ine, kenako anazungulira kukaima kumene amalume ake akanamuona, pakati pa makina ndi khoma.

"Mwadzuka bwanji, amalume?"

Atelala anadzidzimuka. Mawu amene anawasunga masabata onse aja anatuluka nthawi imodzi, osayankha n'komwe moni.

"Iwe, ndakupezera malo. Ku sukulu ija. Ndinapita ndekha, ahedi anavomera. Pokhala paliponso. Ndimati ndibwere kunyumba, kungoti ntchito..."

Mtsikanayo anawamvetsera mpaka anamaliza.

"Munapita liti, amalume?"

Atelala anatchula mwezi wake.

"Mnzanga amene anapita kumeneko akuti mayina a olemba mayeso anatumiza kale," anatero Kanyerere. "Komanso amayi analonjeza kwa abwana ena. Akufuna wolera mwana ndi kuchapa. Ndiyamba Lolemba."

"Tikhoza kukawapempha ahedi aja. Mwina chaka cha mawa..."

"Mwina, amalume." Ananena mwaulemu, monga mmene umayankhira munthu wamkulu amene sukufuna kumutsutsa. Kenako anamasula kamtolo kaja. Linali diresi lake la sukulu, lochapa bwino, lositidwa. "Ndabwera ndi ili. Ndilibe lina lolimba logwirira ntchito. Koma abwanawo akuti alendo akabwera asamaganize kuti alemba ntchito mwana wa sukulu. Ndiye mundichotsere kolala ndi baji."

Ine ndinasiya kukhoma. Atelala anawerama, n'kuvundukula chiguduli chija, n'kusolola diresi limodzi latsopano.

"Tenga ili. Ndilikonza likukwane. Nsalu yake ndi yatsopano."

"Ayi, amalume. Limenelo si langa. Lomweli lili bwino."

Atelala analandira diresi lakale lija n'kuliyala pa tebulo. Anatenga lezala n'kuyamba kudula ulusi wa kolala, ulusi umene anausoka okha tsiku limene mwanayo anasankhidwa kupita ku sekondale. Unali wolimba, sunkachoka msanga. Kolala inachoka, anapinda m'khosimo n'kupendera. Kenako anafika pa baji ya pachifuwa, n'kuimasula pang'onopang'ono kuti asaboole nsalu.

Baji itachoka, pamalo pake panatsala chizindikiro. Dzuwa linali lisanafikepo chiyambire, ndiye pamenepo pokha nsalu inali idakali yobiriwira, mozungulira bwinobwino ngati baji yomweyo.

Kanyerere anasuzumira.

"Pakuoneka, amalume. Abwana adziwa. Muikepo kathumba."

Atelala anafufuza m'zidutswa mpaka anapeza kansalu kotuwa kofanana ndi diresilo. Anakadula, anakapinda m'mbali, anapalasa makina. Kathumbako kanakhala bwino kwambiri, moti munthu sakanadziwa kuti pansi pake panali kanthu. Anasita, anapinda, n'kupereka osakweza maso.

Mtsikanayo analandira ndi manja awiri, n'kuliika m'dengu.

"Zikomo, amalume," anatero. "Mwandithandiza."